Kakonzedwe ka Ulendo wa Kunyanja M'nyengo ya Masika

Ulendo wa kunyanja wa kumapeto kwa sabata ndi mwambo wa anthu a m'tauni, makamaka a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Umayamba Lachisanu n'kutha Lamulungu, ngakhale kuti zokambirana zake zimayamba miyezi itatu m'mbuyo. Nyengo yabwino ya ulendowu ndi ya masika, kuyambira mu Epulo kufika pakati pa Meyi. Mvula imakhala italeka, mapiri akadali obiriwira, kutentha kwa mu Okutobala kukadali kutali, ndipo mwera, umene umavundula nyanja m'miyezi yozizira, umakhala usanalimbe. Masiku opuma nawo amakhalapo: Pasaka kawirikawiri imagwa mu Epulo, pa 1 Meyi ndi tsiku la apantchito, pa 14 Meyi ndi lokumbukira Kamuzu. Wokonza ulendo wodziwa ntchito yake amaonetsetsa kuti mwayi wonsewu usapindulire aliyense, ndipo njira zake n'zodziwika.

Ntchito imayamba ndi gulu la pa WhatsApp. Ulendo wa anthu anayi okwana m'galimoto imodzi ukhoza kukonzedwa ndi foni ziwiri zokha, choncho uyenera kupewedwa. Gulu labwino limakhala ndi anthu oti sangakwane m'minibasi, dzina lokhala ndi chaka kumapeto, wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma. Pa maudindo onsewa wokhala ndi ntchito ndi wa msungichuma wokha, ndipo umapatsidwa kwa munthu wofatsa amene sanatsegule foni tsiku losankhana. Poyamba aliyense amalemba kuti "ndili momo". Ikafika nkhani ya zopereka, mayankho ovomerezeka amakhala ochepa: "nditumiza madzulo ano", "netiweki ikuvuta kuno", "tingodikira malipiro, achimwene", ndi kachithunzi ka chala chachikulu, komwe sikanagulepo mafuta m'dziko muno. Sabata yomaliza ndi ya maliro, zinkhoswe ndi misonkhano ya kumpingo, ndipo n'zodabwitsa kuti zonsezi zimagwera okhawo amene sanapereke. Otsalawo amanyamuka limodzi ndi anthu awiri amene m'gulumo sanalimo n'komwe: mlamu wa wapampando, ndi mnzake wa mlamuyo.

Kusankha malo kuli ndi ukatswiri wake. Kuchokera ku Lilongwe, gombe lapafupi ndi la Senga Bay m'boma la Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kudzera msewu wa M14. Kuchokera ku Blantyre, msewu wa M3 umadzera ku Zomba ndi ku Liwonde n'kukafika ku Mangochi pa makilomita pafupifupi 190, ndipo kuchoka apo msewu wina umalondola gombe mpaka ku Monkey Bay, kumene kamsewu ka ku Cape Maclear kamapatukira. Vuto la malo amenewa ndi limodzi: munthu akhoza kufikako dzuwa lisanalowe n'kupumula. Komiti yanzeru ya ku Blantyre imasankha Chintheche kapena Nkhata Bay pa tchuthi cha masiku awiri, kuti nyanja ionedwe bwinobwino pa windo. Wolondolera njira amakhala uja amene wapitako kambirimbiri ku misonkhano ya kuntchito. Ameneyu amadziwa zipinda zonse zochitira misonkhano m'mbali mwa nyanja, amadziwa nthawi yosainira alawansi, koma madzi sanawakhudzepo.

Malo ogona amasankhidwa poona zithunzi za pa Facebook, ndipo kufunsa kuti zinajambulidwa liti ndi mwano. Madzi a m'nyanja ya Malawi amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka. Amafika pamwamba penipeni cha mu Epulo ndi Meyi, mitsinje ikamaliza kutsanulira mvula ya dzinja, ndipo amaphwa kwambiri chakumapeto kwa chaka. Mu 2024 anakwera mpaka kulowa m'zipinda za malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Motero mchenga woyera wa pachithunzi ukhoza kukhala ulipodi, kungoti uli pansi pa madzi olekeza m'chiuno. Funso limodzi pafoni likhoza kuthetsa nkhaniyi. Akatswiri salifunsa, amangotumiza dipoziti. Mitengo ikakhala yolembedwa m'madola, masamu amachitidwa ndi mtengo wa dola umene wapampando akukumbukira, ngakhale kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kupelewera kwa ndalama kumakonzedwa polipira chipinda cha anthu awiri n'kugonamo asanu ndi mmodzi, ena anayiwo akumalowa mmodzimmodzi mlonda akayang'ana kumbali.

Za katundu sizifuna mawu ambiri. Choyamba kulongedzedwa ndi sipika, chachiwiri ndi bokosi la zakumwa zozizira, chachitatu ndi nkhuku zowuma ndi masoseji zogula m'tauni, poti ndi mmene anthu amapitira kumalo a nsomba. Neti ya udzudzu, tochi ndi tayala lapadera lopopa zimakumbukiridwa m'njira.

Nthawi yonyamukira imalengezedwa kuti ndi 2 koloko masana. Izi zimatanthauza kuti pa 2 koloko dalaivala amayamba kufunsa kumene kukupezeka mafuta, pa 4 koloko wina akadali kosetetsa tsitsi, pa 5 koloko wina watumidwa kaye ndi abwana, ndipo galimoto imatuluka mumzinda nyali zitayaka. A ku Lilongwe opita ku Cape Maclear amadzera ku Dedza, amalipira pachipata cha pa Kalinyeke atasonkherana ndalama zachitsulo, kenaka amapatuka pa Masasa n'kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Masana, msewu umenewu umaonetsa chigwa chonse mpaka nyanja, ndipo chapafupi pali mishoni ya Mua, yokhazikitsidwa mu 1902, kumene nyumba ya Kungoni imasunga za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Lamulo ndi lakuti zonsezi zidutsidwe mu mdima.

Pamenepa palibe choseketsa. Msewu wa usiku uli ndi njinga za kabaza zopanda nyali, ngolo, mbuzi, anthu ochokera kumsika, ndi malole ofera pakona amene chenjezo lake ndi nthambi ziwiri za mtengo. Dalaivala amene watsegula botolo asanatuluke mumzinda, ena onse n'kumamuchemerera kuti "amaiona njira akalawa", ndi munthu woti alandidwe makiyi. Amene amagundidwa kawirikawiri ndi munthu wa kumudzi amene sanali pa ulendo wa aliyense.

Loweruka ndilo tsiku lokhalo lathunthu, choncho liyenera kuyamba 11 koloko. Nyanja imene gulu ladzera ndi yachitatu kukula mu Africa, kutsatira Victoria ndi Tanganyika. Kutalika kwake kumaposa makilomita 560, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo n'chifukwa chake dera la Cape Maclear ndi zilumba zake linasandutsidwa paki mu 1980, n'kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984. Munthu wovala galasi losambirira akangozika nkhope m'madzi pa Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi amaona nsomba za mbuna zabuluu ndi zachikasu zikudya ndere pamiyala pafupi ndi dzanja lake. Chapompo pali manda a amishonale a Livingstonia amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atatopa ndi malungo. Mlendo wophunzira bwino amapewa zonsezi. Kaimidwe kovomerezeka ndi kofulatira nyanja, foni ili kutsogolo, malaya ofanana a gulu ali pathupi. Madzi amaloledwa kufika mu akakolo, ndipo ngati tsitsi ndi latsopano, ngakhale pamenepo ndi patali. Chithunzi chikatuluka bwino ulendo watheka, ndipo zotsala ndi kudikira kuti a kuofesi achione.

Ndalama yolowera mu paki, yomwe kwa Mmalawi ndi yochepa poyerekeza ndi ya mlendo wakunja, iyenera kukanidwa kwa theka la ola ndi mawu akuti "ifetu ndi eni dziko". Sipika iyenera kufika kwa onse amene anabwera kudzamvera mafunde, kuti asasungulumwe.

Nkhani ya chambo ndiyo yofunika kuimvetsa bwino. Nsomba iliyonse yoikidwa m'mbale ya mlendo ndi chambo, ndipo mlendo amene sangasiyanitse chambo ndi utaka wonenepa ndiye amayenera kutsogolera zogula. Pa malo odyera alendo mtengo umalipidwa mwakachetechete, mwinanso ndi kangachepe pamwamba. Ukali wonse wa malonda umasungidwira msodzi amene wachezera usiku pabwato. Kwa ameneyu amati, "Madala, ifetu si azungu, tsitsani," ndipo amamutsitsa mpaka iye atayang'ana kumadzi osayankha. Chambo n'chodula chifukwa chikutha. Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Makoka a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo maneti a udzudzu, amakokolola ana a nsomba m'malo osaya mmene zimaswanirana. Wogula wanzeru amadandaula za zimenezi mokweza, kenaka amagula mulu wa kasawala, ana a chambo chomwecho, poti ndiye wotchipa. Nsombazo zimamangidwa pa galasi la m'mbali la galimoto kuti zipitidwe mphepo ndiponso kuti onse a m'njira adziwe kumene gulu lachokera. Usipa, kampango ndi mcheni, zomwe n'zokoma ndipo zimapezeka, zimasiyidwira anthu osadziwa.

Madzulo ndi nthawi ya boti, yokaona nkhwazi zikutsika kudzatola nsomba zimene anyamata amaponya. Boti limasankhidwa la mtengo wotsika, ndipo gulu lonse limapakidwamo ngati matumba a chimanga pa ngolo. Majekete oyandamitsa amaononga chithunzi, choncho amakhaliridwa. Mwini boti akanena kuti mphepo yasintha, amauzidwa kuti ndalama analandira kale. Komatu mwera umayamba kuwomba m'mwezi wa Meyi womwewu, kuchokera kummwera chakummawa, ndipo nyanja yosalala mmawa imatha kuutsa mafunde otalika kuposa munthu pofika masana. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi pa mphepo yamkuntho, anthu 145 n'kufa, ndipo chikumbutso chake chili pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Imeneyo inali sitima yachitsulo. Msodzi akati lero sitipita, nkhani yatha pomwepo. Chimodzimodzi kusamba usiku munthu atamwa, ndi kusamba pafupi ndi mabango kapena pamathiriro a mitsinje, mmene mumakhala ng'ona ndi mvuu. Anthu a pamalopo amadziwa pamene pali poipa ndipo amanena akafunsidwa.

Anthu amenewa, tisaiwale, alipo. Gombe la mudzi wa Chembe ku Cape Maclear ndi pochapira, potsukira mbale, potungira madzi, poyanikira usipa ndi posokera maukonde. Mlendo wa makhalidwe amajambula ana a eni ake osapempha, amalowa mumsika wa ku Mangochi ndi zovala zosambira pakati pa amayi ofunda bwinobwino, ndipo pochoka amasiya mabotolo osweka mumchenga mmene ana omwewo amayenda opanda nsapato. Akafika kwawo amanena kuti kunyanja kwada masiku ano.

Lamulungu zipinda zimayenera kutulukidwa mmawa, ndipo mmawawo umathera pa kauntala, poti pa bilu pamapezeka zakumwa zimene palibe akuzikumbukira. Mnzake wa mlamu uja amakhala ali kale m'galimoto, maso ali pafoni. Msungichuma amalipira ndi ndalama yake ya lendi atalonjezedwa kuti "tikonza tikafika". Pobwerera amagula mphasa, madengu ndi mipando ya nsungwi zoti zisakwane m'galimoto, n'kuzimanga padenga ndi chingwe cha mphira.

Zotsatira za ulendo zimabwera mochedwa, ndipo mwambo ndi kuzipatsa maina ena. Kutentha thupi, litsipa ndi kuphwanya m'thupi pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kumatchedwa kutopa kapena mphepo ya kunyanja, ndipo kumalimbanidwa ndi panado. Kumapeto kwa dzinja udzudzu umakhala ukadali wambiri m'mbali mwa nyanja. Kuyezetsa malungo m'zipatala za boma n'kwaulere ndipo kumatenga mphindi zochepa. Likodzo ndilo lochenjera kwambiri. Tizilombo take timachokera mu nkhono zazing'ono za m'madzi osaya, makamaka pafupi ndi midzi ndi pamene pali zomera, ndipo timalowa pakhungu, moti ngakhale uja analekeza madzi mu akakolo ali m'gulu. Munthu akhoza kukhala miyezi osamva kanthu, kenaka n'kuona magazi mu mkodzo. Apa mlendo wa m'tauni amakhala chete, amakayikira zina, mwinanso amayamba kuganizira amene anamuyang'ana moipa kuofesi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Amapha nyongolotsi zokhwima, choncho kumwa Lolemba lomwelo munthu atangofika sikuthandiza kwenikweni. Achipatala amalangiza kudikira masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu kuchokera tsiku lolowa m'madzi. Mlingo wake umayenderana ndi kulemera kwa thupi, motero mapiritsi awiri otsala kwa mlamu sawerengedwa.