Malume Anabetcha

Mwana wa achemwali, yemwe pa nthawiyo anali Fomu 3, anasonkha ndalama zake n'kugula Elden Ring, gemu ya kampani ya ku Japan ya FromSoftware yomwe inatuluka mu February 2022. Asanafike nayo patali anandifunsa kuti, "Malume, inu mumawerenga zambiri. DLC yake ituluka liti?" Ankanena zija zowonjezera zimene eni gemu amagulitsa padera, munthu n'kuchita kudawuniloda. Malume anzeru akanangoti kaya. Ine ndinatsokomola kaye, n'kukhala bwino pampando.

Zimene ndinamuuza zinali zoona, ndipo mpaka lero ndikuumirira. Gemu ikatha, imatumizidwa kwa Sony ndi Microsoft kuti akaiyese, kenako kufakitale kukadinda zimbale, ndipo zimenezi zimadya masabata angapo. Pa nthawiyo olemba mapulogalamu amakhala ali kalikiliki kusaka zolakwika, koma ojambula ndi olemba nkhani amakhala atamaliza kale mbali yawo. Bwana sangalipire anthu ongokhala, ndiye amawapatsa DLC. N'chifukwa chake mu March 2012 BioWare inatulutsa From Ashes tsiku lomwelo limene Mass Effect 3 inalowa m'masitolo, osewera ambiri n'kukwiya kuti abenthuliridwa nyama imene analipira kale. Ndinatchulanso The Witcher 3, yomwe inatuluka mu May 2015, Hearts of Stone n'kutsatira mu October. Miyezi 5 yokha!

"Ndiye pofika August ikhala itatuluka," ndinatero.

"Mukutsimikiza, malume?"

"Iwe, tibetche. Ukadutsa August, mwezi uliwonse ndizikugulira bandulo mpaka ituluke."

Tinagwirana chanza. Achemwali anali pakhomo la khitchini, akungopukusa mutu.

Chimene ndinadumpha n'chakuti CD Projekt Red, eni ake a The Witcher 3, analengeza zowonjezera zawo ziwiri gemuyo isanatuluke n'komwe, n'kuyamba kugulitsiratu. Ntchitoyo inali kale pakalendala. FromSoftware sinalonjeze kanthu kwa wina aliyense, komanso inali ndi gemu ina pamoto, Armored Core VI, yomwe inatuluka mu August 2023. DLC yaikulu si ntchito yotsekera mpata wa masabata. Imafuna dziko latsopano, adani atsopano, nyimbo, anthu olankhula mawu, oyesa gemu, ndipo akuluakulu amayenera kugawa kuti ndani atsale pa gemu yakale, ndani asamukire ku yatsopano. Zonsezi ndinazimvetsa bwino kwambiri, koma nditayamba kale kulipira.

Mu December 2022 ndinaganiza kuti ndapulumuka. Anatulutsa zowonjezera zaulere zotsegula mabwalo a Colosseum, momwe osewera amamenyana okhaokha. Ndinathamangira kwa achemwali kukalengeza kuti ngongole yatha.

"Ayi malume, imeneyo ndi update. DLC imagulidwa."

Mlandu tinautula kwa mayi ake, omwe sanagwirepo controller chibadwire. Anamvetsera mbali zonse mofatsa, akusenda mbatata, kenako anati, "Achimwene, munagwirana naye chanza ndikuona."

Kumapeto kwa February 2023, FromSoftware inalengeza kuti ikukonza DLC yotchedwa Shadow of the Erdtree. Inaonetsa chithunzi chimodzi basi, tsiku osatchula. Chithunzicho ndinachiyang'ana ngati mwina deti abisa pakona. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwa, zinthu zonse n'kukwera mtengo, ine bandulo ndikugulabe. Mayi wogulitsa mayunitsi pamsika anafika pondifunsa ngati ndili ndi banja lina.

Tsiku analitchula mu February 2024, ndipo DLC inatulukadi pa 21 June 2024, patadutsa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mnyamata uja anali atalemba kale MSCE n'kupita kukoleji, makina a gemu atandisiyira. Ndinati chinthu chandidyera ndalama chonchi ndichione ndi maso anga. Ndinalipira pafupifupi madola 40, n'kuchezera usiku kudawuniloda, magetsi akuzima, ine ndikuyambiranso. Kutacha ndinatsegula gemu ija, n'kuzungulira paliponse. Khomo lolowera osaliona.

Ndinamuimbira foni.

"Malume, Radahn munamupha?"

"Ndani ameneyo?"

"Nanga Mohg?"

Ndinakhala chete. Iye anafotokoza pang'onopang'ono, ulemu wonse ulipo koma kuseka kukumveka pansi pa mawu, kuti zowonjezera zotere amakonzera anthu amene anafika kale kutali ndi gemu, omwe akufuna adani ovuta kuposa akale. Munthu salowa mu Shadow of the Erdtree asanagonjetse awiriwo. Ine ndinali ndidakali pa Margit, chimdani chija cholondera njira ya ku Stormveil, koyambirira kwenikweni, chomwe chimandigwetsa ndisanasolole n'komwe lupanga.

"Musadandaule malume, ndikabwera pa holide ndidzakupherani onse atatu," anatero. "Koma tigwirizane kaye mtengo."