Wagwedezanso loko

Pa Karonga Boma dzuwa likamapendeka, khonde la sitolo ina pafupi ndi depoti limadzaza ndi anthu odziwa kukhala pansi: akuluakulu a bawo, akabaza odikira minibasi ya ku Songwe, ndi mayi wina wogulitsa nthochi zophikira mbalagha. Nkhani pamenepo zimayenda m'Chinkhonde, m'Chitumbuka, mwa apo ndi apo m'Chiswahili cha ochokera ku Kyela. Ine ndangoziika m'Chichewa.

Tsiku limenelo bawo inaima kaye chifukwa cha mnyamata wa okala ya tsidya la msewu. Anakoka chitseko, anakhoma loko, anamugwedeza. Atayenda pang'ono anabwerera n'kumugwedezanso. Kenaka anakwera njinga, koma asanafike pa raundabauti tinangoona wakhota, ali pa loko pomwe paja.

"Mwamuona? Wabweranso," anatero wakabaza wina. "Dzulo tinamuwerengera, kanakwana kasanu ndi kawiri."

"Chizimba chimenecho," anayankha mkulu wa chipewa, maso ali pa njomba zake. "Anamuuza kwa sing'anga kuti asachoke asanagwire loko kangapo. Chuma cha masiku ano chili ndi malamulo ake."

"Iyayi adada, ndi fodya wamkulu ameneyo."

Mayi wa nthochi anaomba m'manja. "Chamba chake chiti? Mwana ameneyu ngakhale mowa salawa. Ndakhala naye moyandikana kuyambira pamene anatsekula okala. Akalandira ndalama amathamangira pa ndowa kukasamba m'manja, moti zala zake zang'ambika ndi sopo. Ndinamufunsapo, misozi inalengeza. Akuti, amama, ndikudziwa kuti ndakhoma, ndikudziwa bwinobwino, koma mtima sukuvomera."

Mawu a mnyamatayo palibe anawalabadira, chonsecho nkhani yonse inali momwemo. Munthu amene akusunga lamulo la sing'anga salira nalo, amachita mobisa ndi chiyembekezo. Amene mutu wasokonekera kwenikweni kawirikawiri saona cholakwika pa zomwe akuchita. Uyu akudziwa kuti n'zopanda pake, akuchita nazo manyazi, koma akulephera kuleka. Madokotala matendawa amawatcha obsessive compulsive disorder, mwachidule OCD.

Amayenda pawiri. Choyamba limabwera ganizo losaitanidwa, loopsa, lokakamira: mwina sindinakhome, mwina ndalamayi ili ndi kolera, mwina mbaula ndaisiya ili ndi moto. Mantha akakwera, munthu amachita kanthu koti mtima utsike, monga kubwerera, kusamba, kuwerenga manambala, kubwereza mawu ena chamumtima. Mtima umatsikadi, koma kwa mphindi zochepa, ndipo ganizo lija limabweranso litanenepa. Zili ngati kukanda mphere: pokandapo pamakoma, koma ndi kukandako kumene kumakuza chilonda.

Mkulu wina wa imvi, amene anzake amangomutcha adokotala chifukwa anapumira ntchito kuchipatala, anali atakhala chete nthawi yonseyi. Wakabaza uja ndiye anamuputa.

"Koma adokotala, si inu nomwe munatiuza kuti tizisamba m'manja? Nthawi ya korona munatiikira ndowa pakhomo lililonse. Kolera itabwera, chimodzimodzi. Lero munthu akamvera mukuti wadwala?"

Funso lake linali lanzeru. Kolera imene inabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo m'mbali mwa nyanja inasautsa kwambiri. Kusamba m'manja munthu akachoka kuchimbudzi kapena asanadye n'kudziteteza. Kuyang'ananso loko kamodzi pa tauni ya m'malire ngati ino, pamene anthu achilendo amadutsa usana ndi usiku, palibe angakudabwe.

"Kumbukirani zivomerezi za mu Disembala 2009," anatero adokotala. "Tonse tinagona panja, wina aliyense ankayang'ana ming'alu ya khoma. Mantha amenewo anali ndi mutu wake, ndipo nthaka itakhazikika ambiri tinabwerera m'nyumba. Awa ndi ena. Ife tinkafunsa zinthu ziwiri. Kodi zikukudyerani nthawi yochuluka bwanji? Ikapitirira ola lathunthu pa tsiku, pali nkhani. Nanga zakuonongerani chiyani? Ngati okala ikutsekulidwa mochedwa, mwana wasiya kumaliza mayeso chifukwa chofufuta n'kulembanso mzere umodzi, banja layamba kukangana, zimenezo si ukhondo kapena kusamala ayi."

Mnyamata wina wovala jezi ya Manchester United analumphira nkhaniyo. Anati David Beckham naye ali nawo matendawa, ndipo anachita kuulula yekha pa wailesi ya kanema mu 2006, kuti zitini za zakumwa mu fuliji yake ziyenera kukhala ziwiriziwiri ndipo zinthu zonse zikhale pamzere.

"Ndiye mwanena nokha," anaseka mkulu wa chipewa. "Matenda a anthu okhuta. Munthu wopalasa mpunga ku Kaporo nthawi yowerenga zitini aitenga kuti?"

Apa mkuluyo anaphonya, ngakhale anthu anamusekerera. Kumene akatswiri afufuza, m'maiko olemera ndi osauka omwe, apeza kuti pa anthu 100 alionse, mmodzi kapena awiri amavutika ndi OCD. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 365,000 m'boma la Karonga. Ngati kuno zili monga kwina, tikunena anthu masauzande, kuchokera ku Chilumba mpaka ku Songwe. Wopanda fuliji amawerenga mizere ya m'munda, amabwerera kukhola, amatsuka chidebe chimodzi mpaka madzi onse a pa mjigo atha. Nthawi zambiri matendawa amayamba munthu ali wachinyamata, zaka 25 zisanakwane, ndipo anyamata ena amayamba akadali ku pulaimale. Amakondanso kuyenda m'banja, ndiye wina akadwala mumamva kuti agogo ake nawonso ankatero.

Wa loko uja mwayi wake ndi woti vuto lake likuoneka. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi OCD yosaoneka ndi maso, ndipo adokotala atayamba kuifotokoza pakhonde panati zii. Pali mayi wongobereka kumene amene chithunzi choopsa chimamubwerera m'mutu, choti wagwetsa khanda kapena walipweteka ndi mpeni. Amabisa mipeni yonse, amakana kutsala yekha ndi mwana, amalira usiku osauza munthu. Pali wa kwaya amene mawu onyoza Mulungu amangotulukira m'maganizo ali pakati pa pemphero, ndiye amayambiranso pempherolo, n'kuyambiranso, mpaka tambala alire. Pali wina amene wayezetsa HIV kambirimbiri, zotsatira zili bwino, koma pakangotha sabata wabwereranso pamzere.

Anthu otere maganizowo sawafuna. Amadana nawo, ndipo n'chifukwa chake amawazunza. Mayi woopa kupweteka mwana wake mwa njira imeneyi ndi amene amamusamala mopitirira muyeso. Ndi wosiyana ndi mayi amene atabereka wayamba kumva mawu a anthu osaoneka, sakugona, akulankhula zosokonekera. Ameneyo ali ndi matenda ena, ofunika kuthamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma taganizani kuti mayi woyambayo waulula zakezo pamudzi. Boma lino ladziwika ndi nkhani zomvetsa chisoni za anthu, makamaka okalamba, omenyedwa ndi kuphedwa poganiziridwa ufiti, zimene Episkopi Martin Mtumbuka wa Dayosizi ya Karonga wakhala akudzudzula poyera. Kumalo kotere, ndani angatsekule pakamwa n'kunena kuti m'mutu mwanga mukubwera zoti ndipweteke mwana? Amangokhala chete zaka ndi zaka. Mkulu wa chipewa ankanena za chizimba mwanthabwala, koma nthabwala zotero zikafika m'makutu olakwika zimatenthetsa nyumba.

"Ndiye tinene kuti apite ku Zomba?" anafunsa wakabaza.

Adokotala anapukusa mutu. Anati anthu akamva za matenda a maganizo amangoganiza za Zomba Mental Hospital, pamene ambiri odwala OCD safunika n'kugonekedwa komwe. Poyambira ndi pa chipatala chapafupi kapena chipatala chachikulu cha boma pa Karonga pompano, ndipo zikafunika amatumiza ku St John of God ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 200 kukwera mapiri a Chiweta. Thandizo lake lili pawiri. Pali mankhwala monga fluoxetine, amene sagwira ntchito lero ndi lero; pamafunika masabata 8 mpaka 12 kuti munthu aone kusintha kwenikweni, ndipo ambiri amawataya msanga poganiza kuti ndi achabechabe. Palinso kuphunzitsidwa kupirira mantha, njira imene katswiri wina dzina lake Victor Meyer anaiyamba ku London mu 1966. Munthu amakhoma loko kamodzi, n'kuchoka, osabwerera. Mtima umagunda, thukuta limatuluka, koma akadikira mantha amatsika okha. Amayambira pa zopepuka, mothandizidwa ndi wodziwa, mpaka ubongo uzolowere kuti palibe chimene chachitika.

"Osati kumulanda sopo mwankhanza kapena kumukoka pa loko," anawonjezera. "Mukatero mwangomuonjezera manyazi."

Apa mayi wa nthochi anayamba kukonzakonza chitenje chake ngati pali chomuvuta.

"Adokotala, ine ndiye ndimamuthandiza. Akamachoka amandiitana kuti ndione nawo. Usiku amandiimbira, amati amama, munaonadi kuti ndakhoma? Ndimamuuza kuti ee mwanangu, gona. Nthawi zina amaimba kachiwiri."

"Amagona?"

"Amagona."

"Nanga mawa lake saimbanso?"

Mayiyo sanayankhe. Adokotala anamuuza mofatsa kuti chifundo chakecho n'chimene matendawa amadya. Yankho lake lasanduka loko wachiwiri woti mnyamatayo azigwedeza. Zimachitika m'mabanja ambiri: mkazi amachapanso zovala zoyera kale kuti mwamuna akhazikike, ana amaletsedwa kukhudza zitseko, nyumba yonse imayendera malamulo a mantha a munthu mmodzi. Onse amachita mwachikondi, ndipo matenda amakula.

"Ine ndikuti ndi chizimba basi," anatero mkulu wa chipewa uku akutapa njomba. "Mudzandiuza akadzagula galimoto."

Mayiyo sanamuyang'ane n'komwe. "Ndiye akaimba usiku uno ndimuuze chiyani? Ndingomudulira foni mwana wa eni ake?"

"Foni musadule. Chezani naye, mufunseni ngati wadya. Za loko muuzeni kuti mwayankha komaliza, ndipo mawa mukhale pansi awiri, osati pano pagulu, mupangane zochepetsa pang'onopang'ono. Mumufotokozere kuti zimenezi zili ndi dzina ndipo ena achira. Akavomera, Lolemba mum'perekeze kuchipatala."

"Lolemba ndi tsiku la oda wanga," anadandaula mayiyo, akuwerenga zala. "Koma Lachiwiri ndingathe, bola wina andiyang'anire nthochizi."