Chikomekome cha suti

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ine ndimakayikira ngati ankanenadi za mkuyu. Ayenera kuti anaona munthu wovala suti pa Phalombe Boma mwezi wa Okutobala.

Taimani pamsika dzuwa likuswa mtengo. Phiri la Michesi lili duu, la Mulanje nalo laumira kamphepo kake. Akutulukira bambo pa kabaza, suti yakuda ya polyester, tayi yothina pakhosi ngati mbuzi yopita kokagulitsidwa. Anthu m'mbali akuti, "Koma bwana atchena!" Kafunseni malaya amkati. Nyerere zake ndi thukuta, landanda kuchokera m'khosi, kutsika ndi msana, mpaka m'sokosi. Inenso ndinakhalapo mkuyu paukwati wa mlamu wanga. Jekete sindinavule tsiku lonse, kuopa kuti anthu angaone mapu a nyanja ya Chilwa kumsanaku.

Asayansi nawo nkhaniyi inawakhudza. Mu 2017, ofufuza a pa yunivesite ya Maryland ku America anapanga ulusi wosakaniza ndi tizidutswa ta boron nitride, tochepetsetsa moti diso silingatione. Nzeru yake mayi aliyense amaidziwa. Mthiko ukakhala m'phala lowira, chogwirira chake sichiotcha, koma supuni yachitsulo imakulumani chala. Nsalu wamba zili ngati mthiko, zimatsekera kutentha pathupi. Ulusi watsopanowu ndi supuni: umatola kutentha pakhungu n'kukakutaya kunja.

Vuto n'lakuti supuni ilibe chibale. Kutentha kumangochoka kotentha kupita kozizira, sikufunsa kuti mwagula ndalama zingati. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37. Tsiku limene kunja kwatentha kuposa khungu lanu, nsalu yomwe ija ikhoza kusanduka mtengatenga wolowetsa moto m'nyumba. Abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa asafulumire kuvina. Mkuyu winanso umenewo, wochita kupangidwa ndi ophunzira.

Nanga kuno idzafika liti? Mwina idzatulukira m'belo la kaunjika patapita zaka, itapauka kale, mnyamata akukuwa kuti, "Yozizira iyi, bwana, ngati filiji!" Ndipo tidzagula, n'kuvalanso jekete pamwamba pake.

Pakadali pano, bambo, vulani jeketeyo mukhale pamthunzi wa mango. Mapu a Chilwa tonse tili nawo.