Ulemu kwa bawuti wotsala

Anthu okonda magalimoto akale a ku America sasowa chotamanda. Ukawapatsa mpata amakuyambira pa Pontiac GTO ya 1964, pamene John DeLorean ndi anzake analonga injini ya galimoto yaikulu m'thupi la galimoto yocheperapo, n'kubala mtundu wonse wa magalimoto aukali aja amati muscle car. Akachoka apo amakufikitsa pa injini ya 426 Hemi ya kampani ya Chrysler, ya malita 7, ndi pa Chevelle SS 454 ya 1970 imene ankati mphamvu zake n'za akavalo 450. Zonsezo n'zoona, ndipo oziimbira nyimbo alipo ambirimbiri. Koma pa ntchito yodzutsa magalimoto amenewa pali mkulu wina amene palibe anamuomberapo m'manja, chikhalirecho ndiye amalamula galaja yonse. Ndikunena bawuti wotsala, pamodzi ndi abale ake: kasipulingi, kawashala, ndi kachitsulo kopindika ka mabowo awiri kamene sikadziwika kwawo.

Mkuluyu amabwera motere. Munthu wagula Dodge Charger ya 1969 imene inagona zaka zambiri kuseri kwa nyumba ina, mbewa zitamanga mudzi m'mipando. Waiphwasula mpaka kutsala chigoba chokhachokha. Wachotsa dzimbiri, wawotcherera, wapenta, wamanganso injini, ndalama zoti akanamangira nyumba zathera pomwepo. Tsiku lomaliza watembenuza kiyi, galimoto yalira, ndipo ikulira bwino. Akusesa m'galaja ndi mtima woyera, akupeza chitini chakale cha khofi. Kusuzumira, a Bawuti ali phee pansi pa chitinimo.

Choyamba chimene ndimawalemekezera a Bawuti ndi kudzichepetsa. Sadzitchula dzina, safotokoza udindo wawo, sadandaula kuti awaiwala. Injini imabangula kuti mudzi wonse udziwe, penti imanyezimira kuti odutsa acheuke, koma iwo amangokhala. Komatu kachinthu kosaposa chala kameneka kangathe kuimika akavalo mazanamazana aja kwa mwezi wathunthu osanena kanthu. Mwina kanachokera pa kambale kophulira phulusa la fodya. Mwinanso kanachokera pa mabuleki. Mwini galimoto sadziwa kuti n'chiti mwa ziwirizi, ndipo palibe mlaliki amene angamugonetse tulo tosagwira ngati mmene amachitira a Bawuti.

Akamusowetsa tulo choncho, amayamba kumuphunzitsa, ulere. Munthu amene sanawerengepo buku chichokereni kusukulu umamupeza atavala magalasi usiku, akuwerenga mutu wa bawuti. Timizere titatu pamutupo ndiye kuti ndi wa giredi 5. Timizere 6 ndiye giredi 8, wolimba kwambiri, woyenera malo osenza katundu, ndipo mtima umayambiranso kugunda. Kenako muyezo. Magalimoto amenewa anamangidwa ndi mainchesi, choncho sipanala ya 13 imene amakaniko athu amaidziwa imaoneka ngati yakwana pa mutu wa theka la inchi, umene ndi mamilimita 12.7, mpaka itadya makona onse. Ngakhale mtundu wa chitsulo uli ndi nkhani yake: bawuti wina anatuluka m'fakitale ali wotuwa moderako, wina woyera ngati siliva, wina wachikasu pang'ono, ndipo oweruza a m'mipikisano ya magalimoto akale amagwada pansi ndi tochi kuti aone ngati aliyense wavala chovala chake.

Chikakhala chitsulo chokulirapo, cha nambala, phunziro limakwera kalasi. Pa Ford, nambala yoyamba ndi C9Z imatanthauza kuti C ndi zaka za m'ma 1960, 9 ndi 1969, Z ndi Mustang. Ikayamba ndi D ndiye kuti tafika m'ma 1970, ndipo O m'malo mwa Z ndi Fairlane kapena Torino. Wophunzira amasangalala, mpaka atamva kuti nambalayo imanena chaka chimene chitsulocho chinajambulidwa koyamba, osati chaka cha galimoto, moti cha C5Z chingakhale choyenera ndithu pa Mustang ya 1966. Ku Chevrolet zitsulo zoumba zimakhala ndi tsiku lake lobadwa: chilembo cha mwezi, deti, ndi nambala imodzi yomaliza ya chaka. B129 ndi 12 Febuluwale 1969. Kapena 1959. A Bawuti ndi banja lawo sakonda kupereka yankho lonse tsiku limodzi, ndipo aphunzitsi abwino onse amatero.

Nthawi zina, munthu atavundukula mabuku onse a fakitale, amapeza kuti kachitsulo kaja si ka galimoto imeneyi n'komwe. Pamenepa ndi pamene ukulu wa a Bawuti umaonekera. Galimoto ya zaka zoposa 50 inadutsa m'manja ambiri: mnyamata amene anaigula yatsopano n'kumaithamangitsa usiku, wina amene anaitenga motchipa mafuta atakwera mtengo mu 1973, winanso amene ankaikonza ndi chilichonse chimene wapeza pafupi. Aliyense anasiya kenakake. Bawuti wa mamilimita m'galimoto ya mainchesi ndi siginecha ya munthu amene anafulumira tsiku lina m'ma 1980. Palinso magalimoto ogulidwa ali ophwasulaphwasula kale, zitsulo zili m'makatoni, mwini wake woyamba atatopa kapena atatisiya, ndipo m'makatonimo munagweranso za thalakitala yake ndi za makina ometera kapinga. Ndiye umutaye? Ayi. Bawuti wotereyu ali ngati nkhalamba yosadziwika imene yakhala duu pa siwa: aliyense akufunsana kuti agogowa ndi a kuti, koma palibe angawadzutse pa mkekapo, kuopa kuti mwina ndiwo eni mbumba.

Ndipo amene anayesapo kunyoza timatumba ta zotsala anaona zakuda. Pa magalimoto akale a Chrysler, Dodge ndi Plymouth pali kachidutswa koyera ka dothi lowotcha, kokhala ndi mawaya, kamene kamamangidwa pa khoma la pakati pa injini ndi okwera. Kuona kwake ungati n'kotchingira magetsi a m'nyumba. Ndi ballast resistor, ntchito yake n'kuchepetsa moto wopita ku koyilo injini ikamayenda. Kakafa, galimoto imalira uli chigwirire kiyi, ukangomusiya imazima. Eni magalimotowa anaphunzira ulemu kalekale, amayenda ndi kena kapadera m'kabati ya kutsogolo. Kampani ya Chrysler yomweyo, mpaka 1970, inkaika manati a mazinga obwerera kumanzere pa matayala a mbali ya kumanzere. Munthu amene wapeza manati asanu okana kulowa, n'kuwaponya kudzala poganiza kuti ndi ofwifwa, amakawatolanso mawa lake atawerama, ataona chilembo L pansonga pa bawuti wa gudumu.

Nanga timalata topyapyala tooneka ngati chiboda cha kavalo, timene timagwa pansi ukamamasula mudigadi? Wosadziwa amati ndi zinyalala. Ndi timene wogwira ntchito m'fakitale ankalowetsa pakati pa mudigadi ndi thupi la galimoto kuti mipata ya chitseko ndi boneti ifanane, ndipo galimoto iliyonse inali ndi chiwerengero chakechake. Ukatisokoneza, chitseko chimakanda penti yatsopano ija tsiku loyamba. Pampu yopopera mpweya mu ekizozi pofuna kuchepetsa utsi woipa, imene inayambira ku California mu 1966, anyamata a nthawi imeneyo ankaizula n'kuitaya kuti imadya mphamvu za injini. Adzukulu awo lero akuyendayenda m'misika ya masipeya akale ku Carlisle ndi ku Hershey, m'boma la Pennsylvania, kusakasaka pampu yomweyo ndi tizitsulo toigwirira, ndalama zili m'manja.

Mfumu ya zotsala zonse si chitsulo n'komwe, ndi pepala. Pamene galimoto inkamangidwa, inkayenda ndi chipepala chonena injini, giya, mtundu wa penti ndi china chilichonse choyenera kuikidwamo. Ntchito ikatha, ogwira ntchito ena ankangochifinyira m'masipulingi a mpando, pansi pa kapeti kapena pamwamba pa thanki ya petulo, posowa potaya pafupi. Lero wokonza galimoto akachipeza, chofiirira, chodyedwa ndi mbewa m'mbali, amachinyamula ndi manja awiri, chifukwa ndicho mboni yoti galimotoyo inabadwadi ndi injini imene ili nayo. Mu 2014, pa okushoni ya Mecum ku Seattle, Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni, ndipo mitengo yotere imatsamira pa manambala ogwirizana ndi mapepala otsimikiza. Nthawi zina chipepala chopezekacho chimakhala cha galimoto ina, mipando itasinthana m'fakitale. Ngakhale mfumuyo imasewera ndi anthu ake.

Tsono tiyang'ane galimoto yomalizidwa ija, ikunyezimira padzuwa. Mipando yake ndi yatsopano. Kapeti, mawaya, malabala, magalasi, zonse zinabwera m'makatoni mwezi wathawu, zina kuchokera kutsidya la nyanja. Malata a pansi ndi a m'mbali anadulidwa n'kuwotchereramo ena. Masiku ano ungathe kugula ngakhale chigoba chathunthu chatsopano cha Camaro ya 1969 kapena Mustang ya 1967 kwa kampani ya Dynacorn. Mabawuti nawonso amagulitsidwa m'timatumba tolembedwa bwino, oti ndi ofanana ndi a fakitale. Ndiye pa chigalimoto chonsechi, ndani amene anaonadi Detroit ya 1969, amene dzanja la wogwira ntchito wa chaka chimenecho linamukunga? Kawirikawiri ndi a Bawuti a m'chitini aja. Galimoto ikupita kukalandira chikho cha ukale, wakale weniweni atatsala pa shelefu. Ine ndikadakhala woweruza, chikhocho ndikadachipereka kwa chitini.

Ndikudziwa kuti alipo adani a mkuluyu, anthu adongosolo amene amati chilichonse chimene wamasula uchijambule ndi foni, uchiike m'kathumba ka pulasitiki, ulembepo. Langizo lake ndi labwino, sindikutsutsa. Koma inki imafufutika ndi mafuta, foni imasinthidwa, ndipo kathumba kolembedwa kuti "zakumanzere" kamakhala komveka tsiku lolembalo lokha. Zaka zitatu zikapita, mwini wake amakatembenuzatembenuza akudzifunsa kuti kumanzere kwa chiyani. Dongosolo limangowapatsa a Bawuti nyumba yooneka bwino.

Ndipo si kuti kwawo sikudziwika mpaka kalekale. Kumadziwika, koma nthawi amasankha okha. Mwini galimoto adzakhala akuyang'ana chithunzi cha Charger ya munthu wina yophwasulidwa, n'kuona kachitsulo kopindika ka mabowo awiri kaja kali pamalo pake, kuseri kwenikweni kwa dashibodi. Pa Charger ya zaka zimenezo, mabawuti a pamwamba ogwira dashibodi amabisika pansi pa labala ya galasi lakutsogolo, choncho kuti dashibodi ichoke, galasi liyambe lachoka, galasi limene analiika anthu atatu akupuma mosamala, pafupi ndi penti ya mtengo wa nyumba ija. Munthu amakhala pansi, kachitsulo kali m'manja, n'kuwerengera. Ochepa amaitana munthu wa magalasi. Ambiri amakabwezera m'chitini, n'kutseka bwinobwino, ndipo anzawo akafunsa pa chionetsero ngati galimoto inatha, amayankha kuti inde, yonse, osayang'ana munthu kumaso.