Mano 60 a sowo ya alamu

Kuno ku Metangula, munthu wokhala ndi sowo yamagetsi amapatsidwa moni kawiri. Ndinaziona alamu anga atabwera nayo kuchokera ku Johannesburg n'kuisiya kwanga kuti ndiziwasungira. Inabwera yopanda disiko, koma ndinaiika ndithu pakhonde, chingwe chili lendee, kuti opita kunyanja aziiona. Ena anayamba kunditchula mestre, kutanthauza mmisiri. Ine ndinkavomera.

Dzinalo litafika m'makutu mwa amayi akunyumba, mtendere unatha. Iwo ali ndi kagolosale ka sopo, mchere ndi usipa wouma, ndipo katundu yense amagona m'makatoni. "Poti mwasanduka mestre, bambo, tipangireni shelefu. Osati yamisomali ija inagwa ndi mafuta ophikira. Ndikufuna yolowetsa matabwa m'tingalande."

Matabwa a mlombwa analipo. Ndinakwera chapa kupita ku Lichinga, kumene ife a kunyanja timatsika galimoto tikunjenjemera ndi chisanu. M'sitolo ina ya zipangizo, mnyamata anandifunsa kukula kwa disiko. Ndinamuonetsa ndi manja, iye n'kuti ndiye kuti ndi ya mamilimita 185. Anafunsa za bowo lapakati, ine n'kumuuza kuti bowo ndi bowo. Atafika pa mano m'pamene ndinakhosomola kaye. Panali ya mano 24, ya 40 ndi ya 60. Mumtima ndinagamula mwachangu: ya 24 ndi ya amphawi, ya 40 ndi ya aphunzitsi. "Ndipatse ya 60, mwana wanga." Mnyamatayo anatsegula pakamwa, anayang'ana ndalama, n'kutsekanso.

Kunyumba kunapezeka kuti bowo si bowo chabe. La disiko linali la mamilimita 30, chitsulo cha sowo cha 20, moti disikoyo inkagwedera ngati chibangili cha mayi pamkono wa khanda. Kamphete kochepetsera bowo kanali m'paketi imene ndinali nditataya kale kudzala. Tinakapeza madzulo pachala cha mwana wanga wamkazi, ndipo anakabweza nditalonjeza mandasi. Mnansi wina, wodziwa zonse, anati ndingoimanga pa girayinda. Girayinda yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, sowo yamatabwa ka 5,000, ndipo malire ake amalembedwa pa disiko pomwepo. Ndinayang'ana dzanja la mnansiyo, n'kuthokoza chifukwa cha malangizo.

M'mawa mwake anthu anasonkhana. Ndinajambula mzere ndi pensulo yapakhutu, ndinayatsa makina, nkhuku zinabalalika, utuchi unati fuu. Nditazimitsa, aliyense anawerama kuti aone ngalande. Inali yosalala, yokongola, yotakata mamilimita osakwana atatu. Thabwa loti lilowemo linali la mamilimita 20.

"Bambo," anatero amayi akunyumba, "kodi tiziikamo malezala?"

Anapita okha kukaitana mmisiri wina wachikulire wochokera ku Cobué, amene moyo wake wonse wakhoma maboti ndi zitseko. Anafika ndi tchizulo m'thumba la jekete. Sanaseke, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kuseka. Anati disiko imadula kunenepa kwake kokha, kaya ili ndi mano angati. Anatsitsa sowo kuti izilowa mamilimita 7 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwalo, kuti lisafooke. Anapanikiza kathabwa kowongoka pamwamba kuti sowo izitsamira, n'kudula malire awiri a ngalandeyo, kenako mizere ingapo pakati. Timatabwa totsala anatithyola ndi chala. Atatero anandionetsa mano pafupi: lina lopendekera kumanja, lotsatira kumanzere, n'chifukwa chake pansi pa ngalande panali mikwingwirima. Disiko ya mano afulati pamwamba ndiyo imasiya pansi posalala. Poti ine ndinalibe, tchizulo inamaliza ntchito, pang'onopang'ono, thabwa n'kulowa thi!

Ndinayesa kudandaula kuti masiku ano tchizulo ndi zachikale. Iwo anandikumbutsa kuti tsidya lija, pa Likoma, tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903 popanda chingwe cha magetsi, ndipo anthu akupempheramo mpaka lero.

Koma pali mawu amodzi amene ndinawasunga bwino. Ananena kuti podula mopingasa thabwa, mano ambiri sakhadzula m'mphepete, ngakhale 40 akanakwana. Kwa ine kumeneko kunali kuyamikira, ndipo ndinawabwereza mokweza kuti omwe anali kumbuyo amve.

Atachoka, ndinatsala ndi ntchito yong'amba matabwa m'litali kuti akwane. Apa mano 60 aja anayamba kutsamwa. Mipata yake ndi yaing'ono, utuchi umasowa potulukira, ndipo mlombwa unatulutsa utsi woti mayi wina anabwera ndi mbale kudzafunsa ngati tikuwamba kampango. Yong'ambira, ndamva, ndi ya mano 24 ija.

Ndatuma kondakitala wa chapa kuti akandigulire ku Lichinga. Ndamuuza kuti akafunsidwa anene kuti ndi ya mnansi wanga.