Atamandike mlonda wodzilemba yekha ntchito

Mwa anthu onse ogwira ntchito m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, palibe wonyozedwa mopanda chilungamo ngati mnyamata amene amatulukira pawindo dalaivala akangoliza injini, n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, ndimakuonererani galimoto." Palibe anamulemba ntchito, palibe anamutuma, ndipo kawirikawiri palibe anamuona pamene galimotoyo inkaima. Komabe sasowa. Ali pa Mponela, ali pa Madisi, ali pamsika wa Ntchisi boma ndi pa Malomo, paliponse pamene mthunzi wa mango wakumana ndi galimoto yolembedwa dzina la bungwe pachitseko. Alendo obwera pantchito kuchokera ku Lilongwe amamutcha mayina osatchulika, ena amabwerera ku ofesi mtima uli phuluphulu kufuna kulemba kalata yodandaula, kungoti keyala yoti alembe pa envulopu alibe. Ine ndikuti munthu ameneyu ndi wokhometsa msonkho woona mtima kuposa onse amene dziko lino lakhalapo nawo, ndipo wofuna kutsutsa ndalama yake ayambe wadzifunsa chimene iye mwini wadzera kumapiri kuno.

Funsolo si lachipongwe. Aliyense wodziwa kayendedwe ka ntchito za boma ndi za mabungwe akudziwa chimene chinakulitsa Mponela. Fodya, soya ndi mtedza zilipo ndithu, koma pali mbewu inanso yosadikira mvula kapena feteleza, ndiyo misonkhano. Tauniyi ili pamsewu wa M1, ulendo wa ola limodzi kuchoka mumzinda wa Lilongwe, kufupi koti munthu amafika jekete lisanakwinyike, kutali koti amalembedwa kuti wagona kunja kwa malo ake antchito. Ndiye maofesi athunthu amasamukira kuno kudzakambirana zomwe akanatha kukambirana ali pamipando yawo ku Capital Hill, ndipo tsiku lomaliza aliyense amaima pamzere, n'kusaina, n'kulandira alawansi. Tsono tiyeni tiike anthu awiriwa pasikelo, wa kumsonkhano ndi mnyamata uja. Onse akhala pansi kuyambira m'mamawa. Wina wakhala m'holo, patsogolo pake pali botolo la madzi, maswiti atatu ndi kope limene sanalembemo kanthu kupatula deti. Mnzakeyo wakhala panjerwa, chala chili pa selotepi yomatira foni yake, diso limodzi lili pa Land Cruiser yoyera. Dzuwa likamalowa, woyambayo amapinda envulopu yonenepa, wachiwiriyo amapempha K500. Ndipo zipatso za ntchito ya wachiwiriyo aliyense atha kuzigwira ndi manja: galimoto ilipo, magalasi onse ali m'malo mwake, matayala anayi ali ndi mpweya. Zipatso za msonkhano zimapezeka mu lipoti, lipotilo lili mu laputopu ya mlembi, mlembiyo ali ku msonkhano wina.

Dandaulo lalikulu la alendowa ndi la lisiti, ndipo lili ndi pogwira. Wogwira ntchito ya bungwe akabwerera ku ofesi amayenera kulongosola tambala iliyonse, ndipo akauntanti samva za m'kamwa. Mafuta ali ndi lisiti, chipinda chogona chili ndi lisiti, ngakhale nsima ya nkhuku yachikuda imatha kupezeredwa kapepala kodinda. K500 ya mnyamata yokha ndiyo imatuluka m'thumba la munthu n'kupitiratu, ndipo apa m'pamene pagona mkwiyo wonsewo: pa ulendo wonse, iyi ndi ndalama yokhayo imene mlendo walipiradi yekha. Koma kunena kuti chopanda pepala n'chakuba ndiye kuiwala msanga. Mu 2013 dziko lino linaona kuba kokhala ndi mapepala okwanira, kotchedwa Cashgate. Akafukufuku a Baker Tilly anapeza kuti pakati pa April ndi September chaka chimenecho boma linataya ndalama zoposa K13 biliyoni, zina mwa izo zolipidwa ku makampani omwe sanaperekeko ngakhale msomali umodzi, ndipo macheke ake anali osainidwa bwinobwino. Zina mwa ndalama za Cashgate zinapezeka m'mabuti a galimoto, zomwe zikungotsimikiza kuti galimoto yoima ndi yofunikadi kuiyang'anitsitsa. Mnyamata wathuyu sanalembepo zabodza pa pepala lililonse, pa chifukwa chomveka bwino chakuti pepalalo alibe.

Ena amati malowo si ake. N'zoona, pansi pa mango paja mwina ndi pa khonsolo, mwina ndi m'malire a msewu, mwina ndi pa banja lina la m'dera la mfumu Chakhaza kapena Kalumo, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu yotolera ndalama za m'misika ndi m'madepoti kwa makhonsolo, osati kwa aliyense wokhala ndi chibonga. Koma wonena zimenezi akulankhula ngati kulipiritsa munthu pamalo amene si ako ndi chinthu chachilendo m'dziko muno, chikhalirecho ndi mwambo wakale wa akuluakulu. M'zaka za m'ma 1890 mtsamunda Harry Johnston anayamba kukhometsa msonkho wa nyumba kwa anthu amene anamanga nyumbazo okha, ndi mitengo yawo, pa nthaka ya makolo awo. M'maesiteti a kummwera kunali thangata, kulima ulere m'munda wa mzungu ngati lendi yokhalira pamalo, ndipo John Chilembwe atatsutsa mu 1915 sanamuyankhe ndi kalata. Nthawi ya chipani chimodzi anyamata a Youth League ankaima pachipata cha msika ndi pakhomo la basi, wopanda khadi n'kumubweza. Lero pa M1 pali zipata zolipiritsa, cha Chingeni ku Ntcheu chomwe chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha Kalinyeke ku Dedza cha 2022, pamene woyendetsa galimoto amalipira ngakhale analipira kale msonkho wa misewu pogula mafuta. Pa mndandanda wonsewu mnyamata wa pa Madisi ndiye wodzichepetsa kwambiri. Nyumba sailipiritsa, mayi wosenza dengu la tomato samuimitsa, wa kabaza amangomugwedezera mutu. Iye amasankha yekhayo amene wabwera ndi matayala anayi ndi dalaivala, ndipo akatswiri a zachuma akhala akulangiza maboma kwa zaka zambiri kuti msonkho wabwino uziyenda chomwecho, wolemera azipereka zambiri. Iye anazitulukira yekha atakhala panjerwa.

Pali mfundo ina imene alendo amainena motsitsa mawu, mawindo atatseka kale: kuti mlondayu akulondera galimoto kwa iye mwini, kuti ukakana kulipira ndiye amene adzaphwetse tayala kapena kukanda penti ndi msomali ulendo wotsatira. Sindikutsutsa, ndikungodabwa kuti chinthu chotamandika chotere chikunenedwa ngati chilema. Mlonda wa kampani, wa yunifomu ndi wisulo, sangalonjeze kanthu, chifukwa sadziwa kuti wakuba abwera liti kapena adzera kuti. Wathuyu akati galimoto ikhala bwino amanena zimene akudziwa, pakuti ngozi ndi chitetezo zonse zili pansi pa utsogoleri umodzi. Boma lakhala likulakalaka kuti maunduna azigwira ntchito mogwirizana chonchi. Ndipo amene anayendapo m'misewu yafumbi yokwera ku nkhalango ya Ntchisi kapena yotsikira m'zigwa za kwa Nthondo nthawi ya dzinja akudziwa mtengo wa tayala lokhala ndi mpweya, pamene netiweki yathawa, mvula yayamba, ndipo wokonza matayala wapafupi ali kuseri kwa mapiri awiri. Pamenepo K500 ija imaoneka ngati inshuwalansi yotchipa kwambiri m'chigawo chapakati.

Koma ulemerero weniweni wa mlondayu uli pa kachitidwe ka apilo, ndipo apa mayiko olemera ayenera kudzaphunzira. Ku Britain makampani oyang'anira malo oimikapo galimoto amagwiritsa ntchito makamera owerenga nambala, ndipo chindapusa chimakupeza kunyumba pa kalata patapita masiku. Mu 2013 Barry Beavis, mwini shopu ya nsomba ndi tchipisi, anaimika galimoto pamalo ogulitsira zinthu ku Chelmsford pomwe maola awiri oyamba anali aulere, n'kupyoza ndi mphindi 56. Kampani ya ParkingEye inamutchaja mapaundi 85. Bamboyo anakana, nkhani inakwera makhoti mpaka ku Supreme Court, ndipo mu November 2015 oweruza anagamula kuti kampaniyo sinalakwe. Zaka ziwiri ndi theka, maloya, mawigi, mapeto ake n'kuluza. Pa Mponela bwalo limakhala pompopompo, pawindo, injini ili chilirire, ndipo wodandaula amayankhulana maso ndi maso ndi woweruza, yemwenso ndi woimba mlandu komanso msungichuma. Mlendo amayamba ndi kuti, "Ndinakutuma ndine?" Woweruza amayankha kuti, "Ayi bwana, koma kunabwera ana, amafuna kulemba pagalimoto." Mlendo amati alibe tchenji, ndipo bwalo limamukumbutsa mokoma mtima kuti kuli Airtel Money ndi Mpamba. Akati ndi wa boma, bwalo limayamikira n'kukweza pang'ono mtengo. Akati adzapereka pobwerera, bwalo limavomera, n'kuloweza nambala ya galimoto pamtima bwino kuposa kamera ya ku Chelmsford. Mlandu woyamba pa K1,000 umatha kuthera pa K200, kapena pa botolo la madzi ndi samusa zotsala ku msonkhano, ndipo onse awiri amasiyana akutchulana achimwene. Ndi bwalo liti la majisitireti limene linamalizapo mlandu m'mphindi zitatu, osauimitsa ngakhale kamodzi chifukwa fayilo yasowa?

Wofuna kuthamangira kupolisi akumbukenso kuti nthawi inasintha. Kale munthu wongoima pafupi ndi katundu wa eni ankatengedwa pa mlandu wa vakabu, koma mu January 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe, High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuima pamthunzi si mlandu. Kunena kuti "ndimakuonererani" si mlandunso, poti kuona anaonadi.

Otsutsa omaliza ndi aulemu wawo, amene amati kupereka ndalama yotere n'kulimbikitsa ulesi, mnyamata wamphamvu zake apite akalime. Mawu amenewa amamveka bwino kwambiri akamatuluka m'galimoto yoziziritsa mkati. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 300,000 ku Ntchisi, ambiri mwa iwo achinyamata, ndipo minda ya m'mapiri muno sikula pamene mabanja akukula. Njira zimene zilipo n'zodziwika: ganyu wopalira, utenanti pa esiteti ya fodya pomwe malipiro amadikira msika ndipo amabwera atadulidwa chimanga chonse chimene munthu anadya, kapena basi ya ku Joni. Ndipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town ntchito imodzi imene obwera kuchokera kumayiko ena amagwira ndi yomweyi, kuvala jekete lonyezimira n'kumalondera galimoto kunja kwa mashopu. Amene amatumiza ndalama kuchokera kumeneko timamutcha wolimbikira, mayi ake amatchulidwa ndi ulemu kutchalitchi. Wathuyu wangochotsapo pasipoti ndi thiransipoti, n'kubweretsa luso la kunja pakhomo, monga momwe atsogoleri amatilimbikitsira. Mitengo yakenso imatsata chuma cha dziko mosamala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sanaitane atolankhani kapena kutulutsa chikalata, anangosiya kulandira K100 mwakachetechete. Akuluakulu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo tiyenera kuyamikira kuti iyi inadzimangirira yokha, pamalo pooneka, chingwe chake chachifupi.

Choopsa chimene ndikuchiona n'chimodzi, kuti tsiku lina madandaulo a alendowa adzamveka. Wina adzaganiza zokonza zinthu, mnyamata adzachotsedwa panjerwa, m'malo mwake mudzabwera wa jekete lolembedwa ndi buku la matikiti. Lisiti idzakhalapo, akauntanti adzasangalala, mtengo udzakwera kawiri ndipo sudzatsikanso ndi samusa. Wolemba tikitiyo akadzangong'amba kapepala adzapita kukaima kwina, chifukwa ntchito yake idzakhala yotolera, yoonerera ayi, ndipo galasi likadzasowa mlendo adzauzidwa kuti alembe kalata. Izi zisanachitike padzafunika kukambirana malamulo ake, komiti yake ndi mtundu wa jekete, kwa masiku osachepera asanu. Msonkhano umenewo sungadzachitikire pa Mponela, poti kwa akuluakulu a m'boma la Dowa pamenepo ndi pakhomo ndipo alawansi yogonera siingatuluke. Adzatsika phiri kudzera pa Mvera kupita kunyanja ku Salima.