Kodi ku Mangalande mlendo amafikira kwa yani?

Mwana wa mlongo wanga, namwino, wapeza ntchito pachipatala china ku Manchester. Poti malume wake ndine, akubanja anandituma kuti ndikamulangize asananyamuke. Ndinapita ndi malangizo odzadza thumba, koma ndinabwerako ndi mafunso okhaokha. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo malire a dziko ndinawadumphapo kamodzi, pa Mchinji, popita kumaliro ku Chipata. Ndiye mundikhululukire ngati ndikufunsa zimene ngakhale ana amazidziwa. Paja safunsa anadya phula.

Ndinayamba ndi funso limene aliyense angafunse: ukakatsika ndege, ukafikira kwa yani? Kwathu mlendo amafikira pakhomo pa munthu, amupatse madzi osamba, m'mawa mwake akamuonetse kwa anyakwawa kuti mudzi udziwe kuti nkhope iyi si ya wakuba.

"Kulibe anyakwawa kumeneko, amalume," anatero akuseka. Omulemba ntchito amupatsa chipinda kwa masabata ochepa, kenako adzipezere yekha nyumba ya lendi. Mwininyumba adzayamba waona ngati visa ikumulola kukhala m'dzikomo, adzafuna chikole chofika lendi ya masabata 5, ndipo lendiyo imadzera kubanki. Chabwino, ndinatero, tsegula akaunti. Akuti abanki ambiri amafuna umboni wa pamene ukukhala. Ndinamuuza abwereze pang'onopang'ono. Nyumba ikufuna banki, banki ikufuna nyumba. Nanga woyamba kutsegula chitseko ndani? Pamene awiriwa akudikirana, munthu agona pati?

Anatulutsa envelopu ya khaki yokhuthala ngati Baibulo la paguwa, n'kuyamba kuyala mapepala pamphasa. Loyamba linali la mayeso a Chingerezi otchedwa OET. Mwanayu waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, anakhoza Chingerezi pa MSCE, ndipo kuchipatala amalemba malipoti m'Chingerezi tsiku ndi tsiku. Koma zonsezi akuti si umboni, analipira ndithu kuti amuyesenso. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Kodi Chingerezi chimasasa ngati thobwa? Ine Chichewa changa chatha zaka makumi asanu ndi limodzi, palibe anandiuzapo kuti chaguga.

Akakafika akalembanso mayeso ena, OSCE, oonetsa kuti amatha kusamalira wodwala. Ena mwa odwalawo ndi zidole, ena ndi anthu abwinobwino ongoyerekeza kudwala. Mtsikana amene wakhala akutchezera yekha usiku wonse m'wodi yodzadza mpaka pansi akayesedwe pa chidole! Akalephera, chidolecho chikadandaula kwa yani?

Panalinso pepala la chifuwa. Munthu wochokera ku Malawi wofuna kukakhala ku Britain kupitirira miyezi 6 amayenera kujambulidwa pachifuwa kuti aone ngati alibe TB. Nanga wopita miyezi isanu satsokomola? Ndinakumbukira za kusukulu kuti David Livingstone, wobadwira ku Blantyre wa ku Scotland, anafika panyanja yathu mu 1859. Ameneyo anamujambula chifuwa ndani? Mwina makolo athu anangochita ulesi.

Za ndalama ndiye musanene. Lamulo likuti uonetse mapaundi 1,270 amene akhala m'akaunti masiku 28 osasuntha, pokhapokha wokulemba ntchito atalonjeza kuti mwezi woyamba akuyang'anira. Munthu akupita kukasaka ndalama, koma ayambe waonetsa kuti ali nazo. Akanakhala nazo zongogona m'banki choncho, akanapitiranji?

Apa ndinafunsa za mwana wa aneba athu amene anagulitsa puloti n'kupatsa ndalama bambo wina wolonjeza ntchito yosamalira nkhalamba ku Britain. Mwana wa mlongo wangayo anangopukusa mutu. Akuti kuyambira Malichi 2024 olowa ntchito imeneyo analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo mu Julaye 2025 khomolo analitsekeratu kwa ochokera kunja. Nanga bambo uja akugulitsa chiyani? Foni yake ikuitanabe, koma sayankha. Funso ili ndilibe mtima wokalifunsa kwa anebawo.

Tinatuluka kukakhala pakhonde, ine n'kufunsa zopepuka. Ndizikuimbira nthawi yanji? Akuti zitengera mwezi. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala iwo amakhala m'mbuyo mwathu ndi maola awiri, koma Lamulungu lomaliza la Malichi amakankha mawotchi onse, kusiyana n'kukhala ola limodzi. Dziko lonse limadzuka n'kugwirizana kunamiza wotchi? Ola limene alichotsalo amakalisunga kuti? Mu Disembala akuti dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Nkhuku zakumeneko zimalowa m'khola anthu asanaweruke?

Akutinso wailesi yakanema ugule ndi ndalama zako, magetsi ulipire wekha, koma kuti uonere zimene zikuulutsidwa nthawi yomweyo ulipirenso laisensi chaka chilichonse. Laisensi ine ndimaidziwa ya galimoto, poti galimoto imagunda anthu. Kanema anagundapo ndani? Za galimotozo, amayenda kumanzere ngati ife, ndipo laisensi ya kuno imaloledwa miyezi 12. Ikatha miyeziyo ukalembe mayeso ngati kuti sunagwirepo chiwongolero. Wa ku Zimbabwe kapena South Africa amangosinthitsa yake. Kodi misewu ya ku Harare ili ndi chiyani chimene msewu wa M1 ulibe? Chimodzi chokha chinandikhazika mtima pansi: mabowo a magetsi a kukhoma ndi ofanana ndi athu, a mano atatu. Tchaja chake chikalowa popanda kulemba mayeso.

Funso lina ndinalisunga mpaka mayi ake atalowa m'nyumba. Kuno kukagwa zovuta, udzabwera? Ndege yochoka ku Lilongwe kulunjika ku Britain kulibe, mpaka udzere ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ife maliro sitisunga masiku ambiri. Nanga iweyo ukadwala usiku, pakhomo loyandikana nalo pali munthu woti ungamugogodere, kapena nayenso amayamba wafuna pepala? Anati kuli Amalawi ambiri, amakumana kutchalitchi, ali ndi magulu a pa WhatsApp, ndipo wina akamwalira amasonkherana kuti thupi libwere kumudzi. Anayankha akuyang'ana mwana wake wa zaka zinayi, amene atsale kaye ndi agogo ake mpaka nyumba ija ndi banki ija zitamvana. Sindinafunsenso.

Madzulo tinabwereka sikelo ya ogula soya n'kuipachika pamtengo wa mango. Chikwama chilichonse chisapitirire makilogalamu 23. Nyama ndi mkaka akuti saloleza kulowa nazo, koma nsomba zouma amalola, ndiye usipa unalowa, wokulungidwa m'mapepala apulasitiki atatu kuti ungakanunkhitse yunifolomu. Sikelo inaonetsa 24. Anatulutsa nsapato, kenako chitenje chimodzi, n'kuchibwezeramo. Mayi ake anabwera ndi mthiko watsopano, wosema dzulo lake, n'kuulowetsa m'mbali mwa chikwama osafunsa munthu. Muvi wa sikelo unasunthanso.

"Amalume, ndichotse chiyani?"

Tsiku lonse wofunsa ndinali ine. Ndinayang'ana usipa, ndinayang'ana mthiko, kenako ndinafunsa mwini sikelo ngati sikelo yakeyo sinama.